Msuzi wa Mafupa ndi Ulendo wa ku Mponela

Lolemba

Zinthu zavuta. A Mbewe, mkulu wa gulu lathu lopalasa njinga kuno ku Area 25, andiuza pamaso pa anthu: "Loweruka tikupita ku Mponela n'kubwerako. Mukatsaliranso, achimwene, muzikwera galimoto ya madzi." Ine? Zaka khumi ndikupalasa, lero ndizipereka mabotolo pawindo? Zandiwawa kwabasi.

Koma mwayi ulipo. Mlamu wanga Esinati, yemwe ndi namwino, akuti mafupa si nsichi chabe zogwiriza thupi. Amatulutsa mahomoni, timadzi touza minofu kuti ikoke shuga m'magazi munthu akamapalasa mtunda wautali. Akuti apitirize, foni yanga thi! Palibe kanthu, mutu wa nkhani ndaumva. Mphamvu ili m'mafupa!

Dongosolo la sabata ino:
1. Msuzi wa mafupa, m'mawa, masana, madzulo.
2. Nsima, mbatata, buledi: ayi, zimalemeretsa.
3. A Mbewe asadziwe.

Lachiwiri

Ku butchala ndagula jumbo yodzaza. Wogulitsa akufunsa: "Agalu ndi angati kunyumbako, bwana?" Ndangolipira n'kunyamula jumbo yanga. Sayansi saidziwa.

Mafupa abwata maola anayi. Makala atha. Mayi a kunyumba akungondiyang'ana. Ndikamwa msuzi, mafupawo ndikuponyera Bobi, galu wa aneba.

Lachitatu

Uthenga wa Esinati: njinga siilimbitsa mafupa chifukwa thupi limangokhala pachishalo, ndizidumphadumphako. Pansi pake walemba zina zambiri. Ndiwerenga bwino lino.

Ndamasula chingwe choyanikira zovala. Ndadumpha kasanu ndi kawiri, maso achita mdima, ndakhala pansi. Zovala zili m'fumbi. Mayi a kunyumba: "Bambo a Tiyamike, mwayamba liti masewera a atsikana a pulayimale?"

Lachinayi

Kuyeserera pamsewu wa ku Kanengo. Ondipitirira lero:
minibasi zonse,
wa kabaza atanyamula mayi ndi thumba la makala,
gogo wina wa njinga yopanda mabuleki, yemwe wandipatsanso moni.

M'mimba mukulira ngati chigayo. Ndiye kuti mahomoni ayamba kudzuka.

Lachisanu

Ndati nditafune fupa lenilenilo kuti zifulumire. Dzino lakumanzere lagumuka. Mayo ine!

Esinati waimba katatu. Ndilibe nthawi, ndikupopa matayala. Bobi wanenepa, ubweya ukuwala, wagona pakhomo panga ngati amalipira lendi.

Loweruka

Tanyamuka kukucha. Anzanga matumba atupa ndi nthochi ndi mbatata yootcha. Ine botolo la msuzi. Bobi akutitsatira, kumuthamangitsa akukana.

Kanengo: ndili bwino.
Kupitirira pang'ono: miyendo ya eni ake.
Chitunda cha ku Lumbadzi: ndikupalasa, njinga siikuyenda. Thukuta lozizira. Ndatsika ndekha ndisanagwe, ndagona pa udzu.

A Mbewe andimwetsa Fanta n'kundidyetsa nthochi zitatu. Anunkhiza botolo langa. Angotsegula chitseko cha galimoto ya madzi. Manyazi ake, ndikanakonda kulowa pansi.

Lamulungu

Esinati wabwera pochokera ku tchalitchi kudzamaliza zija za Lolemba. "Alamu, mahomoniwo amachokera m'mafupa anuanu, osati a ng'ombe. Ndipo amangouza minofu kuti itenge shuga. Inu osadya, itenga chiyani? Wopalasa akamadzimana chakudya, mafupa ndi omwe amayamba kufooka." Akuti zonsezi analemba mu uthenga wa Lachitatu. Ndayang'ana. Zilimodi.

Mayi a kunyumba aseka mpaka misozi, kenako andiikira mbatata mbale yodzaza. Ndikudya mbali imodzi chifukwa cha dzino.

Basi, ndavomera. Loweruka likubwerali ndili pa mabotolo. A Mbewe atumiza uthenga: ndifike molawirira, ndipo ndisaiwale kubwera ndi Bobi. Akuti iye uja anafika pamwamba pa chitunda limodzi ndi gulu.