Tsiku limene ndinakazinga mutu wanga ku Chitipa

Pali zopusa zina zimene munthu umachita uli bwinobwino, osalawa ngakhale kadontho ka mowa. Zanga ndi izi.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, ndili mphunzitsi wachinyamata wochokera ku Thyolo, ndikugwira ntchito ku Chitipa. Lamlungu ndimayenera kukaonekera kwa amalume a bwenzi langa ku Kaseye, ndipo mtsikanayo ndinkamukonda koopsa. Lachinayi anyamata a chipani anandiimitsa pamsika, ati tsitsi langa lakula mopanda ulemu. Ndi mantha ndinathamangira kwa wometa n'kumuuza kuti achotse lonse. Mpala weniweni.

M'mawa mwake anatitenga ndi ana asukulu kukandanda m'mbali mwa msewu kuchingamira nduna, mu Okutobala. Poganiza kuti mutu watsopano ufunika chitetezo, ndinaudzoza mafuta ophikira (odzola anali atatha, musandiweruze).

Mphunzitsi mnzanga wa konkuko anandiyang'ana mwachifundo, n'kundiitana mmene amaitanira aphunzitsi kwawoko. "Asambizgi, dzuwa la kuno likuluma chomene. Kamphepoka kasakunamizeni."

"Achimwene, ife kwathu timathyola tiyi padzuwa," ndinatero monyada. (Tiyi sindinathyolepo chibadwire.)

Nduna inachedwa. Kuchoka pamzere ukakhale pamthunzi, masiku amenewo? Ukanaona zakuda. Pofika masana mutu unkanunkhira ngati mandasi, ntchentche zikuchita msonkhano wawo pamwamba. Galimoto zitadutsa madzulo, fumbi lonse la Chitipa linamatirira pamafutapo.

Loweruka, matuza okhaokha. Lamlungu khungu linkasupuka ngati la mbatata yowiritsa. Ndinapalasabe njinga, chisoti chili pamutu, koma pamaso pa akulu chisoti umavula. Amalume anayankha moni wanga akuyang'ana mutu, osati ine.

"Aphunzitsi, nthenda iyi kwanu ndi ya pamtundu?"

Ndikanangoti chipere zikanatha bwino. Koma ine ndinafotokoza zoona zake zonse, mpaka mafuta.

Anapukusa mutu. "Sono mwana withu timupereke kwa munthu wodzikazinga yekha? Mubwerenso tikakolola, tione ngati nzeru zamera pamodzi ndi tsitsi."

Ndinabwerera ndikukankha njinga, misozi ili chapafupi. Dzinja lonse ndinakhala mtima uli m'mwamba, koma mtsikanayo anandidikira, Mulungu amudalitse.

Chisoti sindichisiyanso padzuwa. Koma mpaka lero ndikangogwira botolo la mafuta kukhitchini, mtsikana uja, amene tsopano ndi mayi a kunyumba, amafunsa osatembenuka n'komwe: "Bambo, n'za ndiwo kapena za mutu?"