Kamfuti ka Gwirize ndi Nguluwe ya ku Dzalanyama

Mwambi uwu unayamba motere, ndipo mumvere kamodzi, ana inu, chifukwa msana wanga lero sukufuna zobwerezabwereza.

Kunsi kwa phiri la Dzalanyama kunali mkamwini wina dzina lake Gwirize. Akuchikazi anampatsa munda wa chinangwa m'mphepete mwa nkhalango, ndipo nguluwe ina yaikulu inkaufukula ngati yalembedwa ganyu. Apongozi ake anatuma mawu kudzera mwa mwana wawo Nankhoma, mkazi wa Gwirizeyo, akuti chinangwacho chikatha, mkamwini apinde mphasa yake azipita kwawo.

Mlamu wake Lufeyo anati, "Alamu, tiyeni titchere msampha wa khonje pa njira yake."

"Misampha ndi ya anthu osayenda," anatero Gwirize. "Ine ndili ndi mfuti."

Mfutiyo anaisinthanitsa ndi mbuzi ya mkazi wake. Kanali kamfuti kophera njiwa, tizipolopolo take ngati nandolo. Lufeyo anangopukusa mutu, nakatchera msampha wake payekha.

Kunena zoona, Gwirize ankalasa. M'mawa uliwonse ankaipeza nguluweyo ikumaliza kudya, n'kuiwombera pamsana. Iyo inkangoima, kudzikanda pachitsa, n'kumapita mosafulumira. Munthuyo anaonda ndi kulondera, maso anafiira, munda ukunka nuchepa.

"Bambo," anatero Nankhoma tsiku lina, "kodi nguluweyo mukuipha kapena mukuikanda?"

"Ikufa pang'onopang'ono."

"Chinangwanso chikufa pang'onopang'ono. Mbuzi yanga ndiye inafa kamodzi."

Tsiku limene chinatsala chipolopolo chimodzi, Gwirize anazungulira munda mpaka dzuwa litakwera, osaiona nguluwe. Anatopa mpaka mumtima. Anabwerera kunyumba, napinda mphasa yake, nanyamula kamfuti kaja, nayamba ulendo wa kwawo osatsanzika.

Chimene sankadziwa n'chakuti nguluweyo inali itakodwa mwendo mu msampha wa Lufeyo, m'tchire la m'mbali mwa njira yomweyo. Inali phee, ikutafuna chingwe, ndipo chingwecho chinali chitaning'a, kwangotsala kaulusi.

Atafika pamenepo, Gwirize anayang'ana kamfuti kake ndipo anapsa mtima.

"Iwe wandithetsera banja. Kachipolopolo kako aka, dya wekha."

Anawombera m'tchire osayang'ana n'komwe, ndipo kachipolopoloko kanaboola khutu la nguluwe. Chilombo chimene chinapirira zonse zija chinali chitatopanso. M'malo mokoka mwendo kamodzi kokha, chinakhala pansi n'kuyamba kulira, kulira komveka mpaka kumudzi.

Gwirize anataya mfuti nakwera mumtengo. Lufeyo anabwera akuthamanga ndi mkondo, Nankhoma pambuyo ndi nkhwangwa, ndipo nkhani ya nguluwe inathera pomwepo.

Gwirize anatsika akudzisasa makungwa. "Mwaona? Ndinkati ikufa pang'onopang'ono."

Lufeyo anatola chingwe chija, nachikoka pang'ono ndi zala, ndipo chinaduka. Nankhoma anayang'ana chingwecho, kenako anayang'ana mphasa yopindidwa ili gone panjira.

"Nanga mphasayi imapita kuti, bambo?"

"Ndimati ndikaiyanike."

"Kukaiyanika kwanu? Tolani, tizipita. Inu ndi nyamayi ndinu amodzi, kungoti iyo ilibe mkazi woibweza."

Gwirize anakhalabe pa chikamwini. Nyama inadyedwa mudzi wonse, anthu akulavula tizipolopolo m'mbale, ndipo apongozi anathyola dzino pa kachipolopolo kamodzi. Kamfuti kaja anakasandutsa chotsekera khola la nkhuku, ntchito yoyamba imene kanaigwira bwino.

Tsono inu mwalima munda wonse, kwatsala kamzere kumapeto uko, ndipo mwataya makasu mukuti manja apweteka. Anganso akupweteka, anayamba inu musanabadwe. Dzukani mukamalize, chifukwa Nankhoma atanyamula kachingwe kaja anauza mudzi wonse mawu amene tikunenabe mpaka lero: nguluwe idalira msampha utaning'a.