Kiyi wa kubafa

Lolemba
Ndege zikadali zoletsedwa chifukwa cha mliri, ine ndikadali kuno kunja, ku Armadale, kwa mwana wanga Tadala. Mkamwini wanditsegulira chitseko cha kubafa ndili thovu lokhalokha! Akuti, "Sore dadi." Basi. Munthu wake amagwira ntchito kuchipinda, akuti amalemba zam'kati mwenimweni mwa kompyuta. Ndamufunsa ngati mapulogalamu akewo amalowererana chonchi. Akuti ayi, kuli myuteksi: kiyi mmodzi, wotseka ndi yemweyo wotsegula, ena adikire. Ndiye makina ali ndi mwambo, mwini wake alibe.

Lachiwiri
Ndagula loko. Kiyi ali pakhosi panga, pachingwe cha nsapato. Malamulo:
1. Wofuna kusamba apemphe.
2. Apemphe mwaulemu.
3. Mkamwini apemphe kudzera kwa mkazi wake.
Mtendere!

Lachitatu
Ndapita kukawongola miyendo, kiyi ali pakhosi. Tadala wabwera kuchokera kuntchito kuchipatala ku Nedlands, ndipo sakhudza munthu asanasambe. Wakhala m'galaja maola awiri ndi yunifolomu. "Adadi, mukufuna ndikupatsireni matenda?" Mkamwini sanathyole loko, akuti si iye anatseka. Apa pokha wamvera.

Lachinayi
Loko achotsa osandifunsa. Tsopano akuti semafo. Iyi ilibe mwini, imangowerenga, ngati pakhomo la sitolo pomwe akulowetsa anthu anayi okha. Bafa ndi limodzi, ndiye pegi imodzi ya zovala m'mbale. Wolowa atenge, aliyense angabweze. Aliyense! Chinthu chopanda mwini chinayendapo bwino liti?

Lachisanu
Chikuyenda bwino. Zikundinyansa.

Loweruka
Ndatenga pegi, ndalowa. Tadala akudutsa ndi zochapa, waona mbale ilibe kanthu, waganiza kuti wina waiwala kubweza, waponyamo pegi ina. Mkamwini wawerenga: imodzi. Watsegula.
Kachiwiri sabata imodzi!
"Sore dadi." Kenako, ali kuseri kwa chitseko, ine ndikufunafuna thaulo, akundifotokozera kuti myuteksi sikanalola zimenezi. Ndikudziwa, bambo. Ndinali nayo pakhosi.

Lamulungu
Mapemphero pafoni. Abusa akuti tikhululukirane, iwo bafa ali nalo lawolawo. Loko ali m'dilowa, mapegi abwerera pachingwe. Ndabwerera ku njira ya kwathu: posamba ndiziyimba nyimbo ya kutchalitchi mokweza. Ndayimba mavesi onse anayi. Ndikutuluka, ndapeza mkamwini pakhomo, thaulo paphewa, mahedifoni m'makutu, dzanja lili kale pachogwirira.
Mawa ndikasamba ndi kabudula.