Denga Limene Ndinaboola Ndekha pa Kande

Mukamadikira minibasi pa Kande mvula n'kuyamba, musathawire m'chisakasa chokongola chija chili pageti ya loji ina m'mbali mwa msewu. Ndikukuchenjezani chifukwa anachifolera ndine.

Kwathu ndi ku Ntcheu, koma kuno ndatha zaka khumi ndi ziwiri ndikufolera nyumba za udzu. Ntchito ndimaidziwa, mwina mopitirira, mpaka makutu anasiya kugwira ntchito.

Chaka chatha mu Okutobala palojipo panafika banja lalikulu la Ayuda, wamkulu wawo Mayi Rute. Inali nyengo ya chikondwerero chawo cha misasa, pamene amamanga chisakasa n'kumadyeramo sabata yathunthu. Iwo anafuna kuti chikongoletsedwe ndi mudzi wonse. Anagula nsalu zoyera ndi penti n'kuitana amayi a kwaya, aphunzitsi, ndi ojambula zithunzi zogulitsa kwa azungu aja (amene anadabwa kumva kuti padziko pali zojambula zina kupatula njovu ndi bwato). Pansalupo panadzaza mphesa, makangaza ndi nyenyezi za nsonga zisanu ndi imodzi. Mayi wina anakakamira kujambulapo chinangwa, Mayi Rute n'kuvomera akuseka.

Denga anandipatsa ine. Manijala anandinong'oneza kuti likatuluka bwino, ntchito yofolera nyumba zonse za alendo palojipo ndi yanga, osati ya Ada Longwe (kuno bambo amati ada), wofolera mnzanga amene timapatsana moni wa mano okha.

Mayi Rute anayamba kufotokoza za dengalo m'Chingerezi, manijala akumasulira. Asanafike patali ndinakweza dzanja.

"Abwana, auzeni asadzivute. Ayuda timawamva kutchalitchi Lamulungu lililonse. Komanso denga ndi denga basi."

Mayiwo anandipatsabe pepala lojambulapo chisakasacho, denga lake lili mipatamipata. Ndinati mwina bolopeni inkawathera inki. Ndinalipinda n'kuponya m'thumba.

M'mawa mwake alendo anapita kukaona tchalitchi chakale cha ku Bandawe, ine n'kutsala ndi ufumu wanga. Ndinayala pulasitiki wakuda uja kawiri. Pamwamba pake udzu wosankha, wokhuthala ngati matiresi, womangidwa ndi linya, wometedwa m'mbali mwaukatswiri. Nditamaliza ndinathirapo ndowa zitatu za madzi, osadontha ngakhale kadontho. Ndinaima patali n'kudzichitira nsanje ndekha.

Tsiku la chikondwerero masana anthu anasonkhana kudzapachika nsalu. Ada Longwe analiponso, manja kumbuyo ngati woyendera sukulu. Mayi Rute analowa, anayang'ana kudenga, anayang'anabe, ine ndikukonza kolala kudikira kuyamikidwa. Kenako analankhula motsitsa.

"Akufunsa kuti kumwamba kuli kuti," anatero manijala.

"Kuli komwe kumakhala, kunja."

Apa m'pamene ndinamva zomwe ndinadula dzana lija. Makolo awo atachoka muukapolo anakhala zaka makumi anayi m'chipululu, akugona m'misasa. Ndiye denga la chisakasachi liyenera kukhala la zomera zokha, lopereka mthunzi koma la mipata, kuti wokhala m'kati aziona thambo n'kukumbukira kuti womusunga si denga. Pulasitiki ndiye ayi ndithu.

"Nanga mvula ikagwa?" ndinafunsa, mawu atayamba kuchepa.

"Akuti ilowe."

Ndinachita manyazi mpaka thukuta kutsikira m'nsapato. Chikondwerero chinkayamba dzuwa likangolowa, ndiye panalibe zoti tibwera mawa. Ndinakwera pamwamba, Kande yense akuonerera, n'kuyamba kudula linya langa, kusolola pulasitiki wanga, kuzula udzu wanga. Ada Longwe analowa m'kati kuti andithandize ndi maso.

"Ada, apa sipanabooke bwino," anandiuza akuloza kudenga. "Onjezani. Eya, yewu, muli ndi mphatso ndithu."

Nditatsika, denga linali ngati sefa. Koma alendo anaomba m'manja, Mayi Rute anandigwira manja onse awiri maso ali ndi misozi, akuti lafanana ndi la bambo awo. Munthu wanzeru akanati zikomo n'kupita kwawo. Ine mtima unakweranso (ndinakuuzani za makutu aja, mutu nawo ndi chimodzimodzi). Ndinatenga bulashi, n'kulemba pansalu yoyang'ana kumsewu, m'zilembo zowerengeka uli m'minibasi: WOFOLERA DENGA, dzina langa, ndi nambala ya foni.

Alendo atapita, chisakasa sichinaphwasulidwe, poti anthu ankakonda kujambulitsapo. Mu Disembala mwini loji anabwera kuchokera ku Mzuzu kudzasankha wofolera nyumba zake. Mvula inamupeza pageti, anathawira momwemo, n'kutulukamo suti ikuchucha. Dzina analiwerenga bwinobwino. Manijala, amene ankadziwa nkhani yonse, anaona kuti si tsiku lotsutsana ndi bwana wonyowa. Ntchito inapita kwa Ada Longwe.

Zinandiwawa, ndipo zikundiwawabe. Mvula ikangogwa foni imalira, munthu wonyowa wosamudziwa akufunsa ngati ndine amene ndinafolera pa Kande, ena mpaka kunditchulira mayi anga. Za chipululu ndinayesa kufotokoza kawiri, onse anadula. Masiku ano ndimangoyankha mwaulemu kuti ine ndinangolemba zilembozo, wofolera ndi Ada Longwe, ndipo nambala yawo ndi iyi.