Nkhoswe Yophunzira pa Kompyuta

Pakomboni pathu, pa purazi la malalanje, famu yaikulu kufupi ndi Glendale, masiku ano kukakhala mlandu wa banja ine amandituma kukabwereka mabenchi kutchalitchi. Kale ankandikhazika kutsogolo. Palibe amene anandichitira kaduka, ndinadzitsitsa ndekha, ndipo kompyuta inandithandiza.

Ntchito yanga ndi yolondera pampu ya madzi kudamu. M'mawa ndimayatsa, madzi n'kumapita m'minda, madzulo ndimazimitsa. Pakati pamenepo ndi kungokhala, kumvetsera ngati injini yasintha kaliridwe. (Makolo anga anachoka ku Dedza kudzathyoka msana ndi fodya kuno, mwana wawo akulipidwa chifukwa chokhala pansi. Sindidandaula.) Mwana wanga wamkazi amene amagwira ntchito ku Ruwa atagula laputopu yatsopano, anandisiyira yakale. Anati, "Baba, muli gemu umu, muzitayirako nthawi m'malo mowodzera." M'kanyumba ka pampu muli magetsi, choncho ndinalibe chifukwa chokanira.

Ndinkayesa ndi zija zongowomberana. Kuwombera kunalimo ndithu, ndipo zala zanga zinkafika mochedwa nkhondo iliyonse, koma mbali yaikulu inali nkhani. Iwe ndiwe kaputeni wa chombo choyenda pakati pa nyenyezi. Ukatera pa dziko lina, anthu akumeneko (ndikuti anthu posowa mawu ena, poti ena anali ndi maso anayi, ena khungu la ng'azi) amabwera ndi madandaulo awo. Pansi pa sikirini pamatuluka mayankho atatu kapena anayi, iwe n'kusankha limodzi, nkhani n'kulowera komweko.

Zimenezi zinandikomera kwambiri. Anthu a mu gemu amadikira. Ukhoza kupita kukayang'ana mafuta a injini, kukadya mbatata, pobwera n'kuwapeza ali chiimire, akuphethira, osakwiya n'komwe. Wina akatalikitsa nkhani umadina batani, iye n'kudumphira kumapeto kwa mawu ake. Ndipo ukayankha zopusa, umabwerera pamene unasungira gemu, n'kuyankhanso bwino, palibe wokumbukira.

Tsiku lina ndinafika pa dziko louma lomwe linali ndi chitsime chimodzi chokha, ndipo mitundu iwiri inkachilimbirana. Ndinapita kwa amaso anayi, ndinasankha yankho loti chitsime n'chawo. Anandiwerama. Ndinawoloka phiri kupita kwa akhungu la ng'azi, nawonso ndinawauza kuti chitsime n'chawo. Anandipatsa mfuti yaulemu. Nkhondo inaima, nyimbo inalira, ndipo pa sikirini panalembedwa kuti ndine wobweretsa mtendere. Ndinakhala m'kanyumba ka pampu ndikudzigwedezera mutu, ndikudabwa chifukwa chake akuluakulu amataya masabata atatu pa mlandu umodzi.

Ndiye poti ine ndinali nkhoswe. Esinati, mwana wa mlongo wanga, anakwatiwa ndi Jafali, woyendetsa thirakitala pa purazi lomweli. Kuchikazi nkhoswe ndinali ine, malume wake. Kuchimuna anali a Saidi, amalume a Jafali, bambo wachisilamu wosoka zovala pakhonde, munthu woyankhula ngati mawu amagula. Mwambo wake aliyense pakomboni amaudziwa: banja likagwedezeka, ankhoswe awiri amakhala pamodzi, eni akenso ali pomwepo, aliyense n'kunena zake mnzake akumva. Nkhoswe siweruza yokha. Inenso ndinkadziwa, kungoti ndinali nditapita patsogolo.

Lolemba lina masana Esinati anabwera kudamu. Anagwada pakhomo la kanyumba, ine ndili pakati pokambirana ndi mfumu ya zigawenga za m'mlengalenga.

"Sekuru, ndabwera ndi nyaya," anatero m'chiyankhulo cha kuno, mmene malume ndi sekuru, nkhani ndi nyaya. "A Jafali akuti tisamukire ku Guruve, abale awo awapatsa munda. Ine sindikufuna."

"Sukufuna."

"Aiwa, sindikufuna. Amayi ali kuno, ntchito yanga yosankha malalanje ili kuno. Komanso, Sekuru, pali china..."

"Ndamva, muzukuru," ndinamudula mwana wa mlongo wangayo. Kwa ine nkhani inali itamveka kale, otsalawo anali mawu odumpha. "Kwathu mkamwini ndiye amatsata mkazi. Supita kulikonse. Zisiye m'manja mwanga."

Anandiyang'ana kanthawi, n'kuwomba m'manja mwaulemu, n'kupita. Ine ndinabwerera kwa zigawenga zanga.

Lachitatu anabwera Jafali, chipewa chili m'manja. Anayamba ndi moni wautali, kufunsa za thupi langa, za mwana wa ku Ruwa, za pampu. Kenako anati munda wa ku Guruve akapanda kukaulowa mvula isanagwe, aupereka kwa wina. Anati munthu sangakalambire m'nyumba ya purazi, yomwe ntchito ikatha kiyi amakulanda tsiku lomwelo. Zinali zomveka. Ndinkaona ngati mayankho alembedwa pansi pa chibwano chake, ndipo ndinasankha limene likanamusangalatsa.

"Mwamuna ndiye mutu wa banja," ndinatero. "Konzekani ulendo. Esinati ndayankhula naye kale."

(Limeneli silinali bodza lenileni. Ndinali nditayankhula nayedi.)

Maganizo anga anali akuti aliyense akakhazikika mtima, mkangano uzizira wokha, monga zinachitikira kuchitsime kuja. Za mmene munthu angakhalire ku Glendale ndi ku Guruve nthawi imodzi, ndinati tidzaona kutsogolo.

Lachinayi ndikudutsa pakhonde pa a Saidi, anaimitsa makina osokera.

"Achimwene, ana athu aja ndamva sakudyera mbale imodzi. Tikhala liti?"

"Musavutike, a Saidi, ndathana nazo."

"Mwathana nazo nokha?"

"Masiku ano zinthu zimayenda mwachangu."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kunyambita ulusi, n'kuulowetsa pa singano. "Chabwino," anatero, makina n'kuyambanso kulira.

Loweruka cha m'ma teni mlongo wanga, mayi a Esinati, anatulukira kudamu akupuma mwa befu. Sanagogode.

"Achimwene, zimitsani chinthucho mubwere mudzaone ntchito yanu."

Pakhomo pa Jafali panali pataima lole yonyamula malalanje, imene anabwereka kwa foromani. M'mwamba munali kale mipando iwiri, njinga, ndi thumba la chimanga. Bedi linali pakati pa khomo, theka kunja theka m'kati, anyamata awiri atagwira kumiyendo, ndipo Esinati anali atakhala pamwamba pake manja atapinda. Komboni yonse inalipo. Amayi ena anabwera ndi nyemba zawo kuti azisola akuonerera.

"Awo abwera," anatero Jafali, nkhope ikuwala ndi chikhulupiriro. "Sekuru, muuzeni zimene munandiuza."

"Eya, Sekuru," anatero Esinati. "Auzeni zimene munandiuza."

Apa ndiye pamene ndinachita chinthu chimene mpaka lero anthu amachiyerekeza akamwa. Ndinaima chilili, kukhala chete, kudikira. Miyezi itatu ya gemu inali itandizoloweza kuti pa nthawi yovuta dziko limaima kuti kaputeni aganize. Akuti ndinkayang'ana pansi cha pamapazi pawo ngati ndikuwerenga kanthu, chala changa chikugogoda pantchafu. Koma anthu a pakomboni sadikira. Pamene ine ndinkaganiza, Jafali ananena mokweza mawu anga onse a Lachitatu, osasiyako ngakhale limodzi. Esinati naye ananena a Lolemba. Mayi wina wosola nyemba anati, "Mapanga awiri avumbwitsa," ndipo sanakweze n'komwe mutu.

Ndinayesa yankho lachitatu. Ndinati mwina katundu apite ku Guruve, anthu atsale kuno. Palibe anaseka, ndipo ndikanakonda akanaseka.

Jafali anaganiza kuti banja lathu lonse linapangana kumupusitsa pamaso pa anthu. Esinati anaganiza kuti ine ndi mwamuna wake tinamugulitsa m'kanyumba ka pampu. Anatsika pabedi, analowa m'nyumba, anatuluka ndi chikwama chimodzi, n'kulunjika kwa mayi ake osayang'ana munthu. Jafali anatsitsa katundu yekha, kukana womuthandiza. Mkangano umene unali wa kusamuka unasanduka wa kutha kwa ukwati, ndipo ndinachita mantha enieni, chifukwa ana awiriwa ankakondana ine ndisanalowererepo.

Mawa lake ndinatsegula laputopu kuti mtima ukhaleko pansi. Chombo chitangonyamuka, uthenga unafika wochokera ku dziko louma lija. Amaso anayi ndi akhungu la ng'azi anali atakumana pachitsime, aliyense atanyamula lonjezo langa. Mudzi umodzi unali utapsa, ndipo mmodzi wa anthu a m'chombo changa, amene kwawo kunali komweko, anandiuza mawu owawa n'kutsika pa doko lotsatira. Ndinafufuza pobwerera, koma ndinali nditasungira pamwamba pake kambirimbiri. Ndiye kuti ngakhale gemuyo sinkaphunzitsa zimene ine ndinaphunzira. Ndinangothamangira kumaliza sukulu mphunzitsi asanamalize chiganizo.

Madzulo ake ndinapita kwa a Saidi, chipewa m'manja ngati Jafali. Sananditonze, chimene chinandipweteka koposa. Anangoti, "Lamlungu likubwerali, kuseri kwa nyumba ya mlongo wanu. Inu mudzakhale, koma pakamwa mudzasiye kudamu."

Tinakhala Malamlungu atatu. Loyamba linatha ndi moni, kupepesa kwanga, ndi Jafali kuyang'ana kumbali. Njira ya a Saidi inali yotopetsa kuionerera. Ankafunsa funso limodzi, n'kukhala chete. Munthu akayankha, iwo ankangoti "Ehe," n'kukhalanso chete, mpaka woyankhayo, posowa chochita ndi bata, n'kuwonjezera zimene sanafune kunena. Kangapo konse lilime langa linanyamuka, mlongo wanga n'kundiponda chala.

Lamlungu lachiwiri Jafali anaulula kuti foromani anamuuza kale kuti nyengo yokolola ikatha, thirakitala aipereka kwa wina. Anabisa chifukwa cha manyazi. Za ku Guruve sikunali kufuna kulamula mkazi, munthuyo ankaopa kudzapezeka panja ndi katundu. Esinati anamuyang'ana nthawi yoyamba chichokereni pabedi paja.

Lamlungu lomaliza a Saidi anatembenukira kwa Esinati. "Mwanathu, amayi ali kuno, tamva. Ntchito ili kuno, tamva. Ehe."

Bata linatalika mpaka nkhuku inadutsa pakati pathu. Kenako Esinati ananong'oneza mayi ake, mayi ake n'kutiuza mozungulira monga amanenera akazi, kuti mwanayu sali yekha. Miyezi inali itakwana itatu. Tonse tinkadziwa kuti pathupi pake poyamba panapita padera chaka chatha, ndipo chinamupulumutsa ndi chakuti kiliniki ili pafupi ndi purazi. Munda wa ku Guruve uli kutali ndi msewu. Esinati sanauze mwamuna wake za pathupipa poopa kumusangalatsa kenako n'kumuliritsanso.

Jafali anaphimba nkhope ndi chipewa. Zotsalazo anapangana okha, ife tikungomvera: iye apite yekha kukalima ndi kumanga, azibwera pa kombi, minibasi ya kuno, mwezi ukatha, Esinati akhale ndi mayi ake mpaka mwana atabadwa ndi kulimba. A Saidi sanaweruze kanthu. Anangoti zvakanaka, kutanthauza kuti zili bwino, n'kupempha madzi akumwa.

Ukwati unapulumuka. Unkhoswe wanga ndiwo sunapulumuke. Palibe anandichotsa pamsonkhano, kungoti mng'ono wake wa Esinati atapeza mwamuna, mlongo wanga anaitanitsa msuweni wathu wa ku Ruwa, munthu woti kubwera kuno amakwera makombi atatu, ine ndili nyumba yachinayi kuchokera pakhomo pake.

Patapita masabata angapo ndinakumana ndi Esinati panjira ya kumpopi, ndowa ili pamutu. Ndinamupepesanso, mwina kachisanu. Anatsitsa ndowa.

"Zinatha, Sekuru. Koma mukudziwa chimene ndinabwerera kudamu tsiku lija? Amayi anati nkhani yotere ipite kwa nkhoswe, kuti inuyo mukawakhazike pansi a Jafali, muwauze bwinobwino. Ndinayenda njira yonse ndikuyeseza mmene ndiyambire. Inu munati mwamva."

Iye anaima pang'ono, ndinamusenzetsa ndowa, n'kumapita.

Chimene ndinatolapo n'chakuti munthu akafika kumapeto kwa madandaulo ake n'kuyamba kuzengereza, nkhani yeniyeni ndi imene ikubwerayo, ndipo kudula pamenepo n'kumubweza ndi katundu wake yense. Ndikuganiza kuti ndinaphunziradi. Koma ndinene zoona, pobwerera kudamu tsiku limenelo ndinadzipeza ndikukonza m'mutu mayankho atatu abwino kwambiri amene ndikanamupatsa Esinati Lolemba lija. Ndinasankha ngakhale lopambana onse. Pampu inali ikulira monga mwa masiku onse, ndipo panalibe munthu womuuza.