Mkamwini wa mu Tepi ya Amalume

Ndikanadziwa, kafulashi kosungira mafilimu kaja ndikanakaponya m'nyanja pa Nkopola pomwepo, nkhani n'kuthera pamenepo. Koma ine ndinabadwa ndi matenda ofuna kudziwa mathero a chinthu chilichonse, ndipo matenda amenewa ndi amene anandivula ulemu pa Idi ya chaka chatha, pamaso pa mayi anga ndi mtundu wonse.

Tiyambe ndi amalume anga, Che Twaibu. Ndili mwana, iwo anabwerako ku Joni ndi tivi, deki ndi matepi angapo. Kwathu, kuseri kwa msika wa pa Mangochi, magetsi kunalibe, ndiye ankalumikiza zonsezi ku batire ya galimoto, ife n'kudzaza pabalaza, ena kumasuzumira pawindo. Matepi a nkhonya analipo, koma imene inatitenga mtima inali ya sewero lina loseketsa la azungu. Zonse zinkachitikira m'chipinda chimodzi chokhala ndi sofa pakati, masitepe kumbuyo, ndi filiji imene sinkatha zakudya.

Palibe ankamva Chingerezi kupatula amalume, choncho ankakhala pampando pafupi ndi tivi n'kumatimasulira. Ankamasulira ndi mayina omwe. Bambo wadazi wa m'nyumbamo anali Che Bwanali, mkamwini waulesi wokhala kwawo kwa mkazi wake, Abiti Saidi. Panalinso mzungu wina wamtali amene ankangokankha chitseko osaodira, n'kulunjika ku filiji. Ameneyo amalume anati ndi mlongo wake wa Abiti Saidi, mwini mbumba, ndipo ife sitinaone chotsutsa. Ndani winanso angalowe m'nyumba popanda odi n'kuyamba kudya, mwamuna wa m'nyumbamo ali phee?

Chimene chinkandizunguza mutu ine chinali anthu oseka aja. Che Bwanali akangolankhula, khamu losaoneka linkafa ndi phwete, ifenso n'kutsatira. Tsiku lina ndinafunsa kuti anthuwo ali kuti.

"Ndi mbumba imeneyo," anatero amalume. "Yakhala pakhonde, ikuseka mkamwini."

Ndinazungulira kuseri kwa tivi kuti ndilione khondelo (musafunse kuti ndinali ndi zaka zingati, zinali zokwanira kudziwa bwino).

Tsoka lake, tepi yomaliza inali yoduka. Che Bwanali anatsika masitepe atanyamula sutikesi, Abiti Saidi atagwira m'chiuno, mwini mbumba akutafuna china chake. Amalume anatsitsa mawu n'kunena kuti, "Basi, amuthamangitsa." Pomwepo chithunzi chinaphethira, n'kubwera mpikisano wa mahatchi. Tinaibwereza tepiyo mpaka inatafunidwa ndi deki, koma mahatchi aja sanachedwepo ngakhale kamodzi. Ndinakula, ndinamaliza sukulu, ndinapeza ntchito yolandira alendo pa loji ina ku Nkopola, koma funso lija silinandichoke. Kodi Che Bwanali anapitadi kwawo? Nanga ana anatsala ndi ndani?

Ndiye tsiku lina masana ndikudutsa ndi thireyi ya tiyi, ndinamva kanyimbo koyambira sewero lija. Ndinaima pomwepo. Mlendo wina, mayi wachikulire wachizungu, ankaonera pa kompyuta yake pansi pa mtengo. Nditayandikira anaimitsa, ndipo pagalasi panali Che Bwanali, dazi lomwe lija. Ndinaiwala malamulo onse a ntchito. Ndinamuuza mayiyo m'Chingerezi changa chabwino kwambiri kuti sewerolo ndimalidziwa, n'kumufotokozera za chikamwini, za mwini mbumba, za mbumba ya pakhonde. Anaseka mpaka kuvula magalasi kuti apukute misozi.

"Unaonera kuti zimenezi?" anandifunsa.

"Kwa amalume anga. Iwo ndi amene ankatimasulira."

"Amalume ako ndikanakonda kuwadziwa," anatero, akusekabe.

Ine ndinangoti nkhani yamukoma. Tsiku lonyamuka anandisiyira kafulashi, akuti sewero lonse lili momwemo, kuyambira poyamba mpaka pothera.

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanabwereka kompyuta n'kuonera yekha kaye. Ine ayi. Ndinaona kuti ndi kudzikonda kudziwa mathero ndekha pamene banja lonse linavutika limodzi ndi mahatchi aja. Idi inali pafupi, ndiye ndinalengeza kwa abale onse kuti tikatha kudya, tidzaona mathero a Che Bwanali, ndipo amalume adzamasulira ngati kale. Amalume atamva anangoti, "Inshallah." Ine ndinamva ngati avomera ndi mtima wonse.

Muyenera kudziwa kuti amalume tsopano akalamba. Bizinesi yawo ya usipa inagwa, maso akuchita chimbuuzi, makutu nawo akumva mosankha. Chimene chawatsalira ndi dzina. M'dera lathu lonse amadziwika kuti Che Twaibu anamwa Chingerezi ku Joni, ndipo pa ukwati kapena pa sadaka amapatsidwa mpando wakutsogolo chifukwa cha mbiri imeneyo. Ine ndemwe ndinalimbikira sukulu pofuna kufanana nawo.

Tsiku la Idi, mpunga ndi nyama ya mbuzi zitatsika, tinatulutsa tivi ya msuweni wanga n'kuiika pakhonde. Anthu anadzaza mikeka. Mayi anali ataitananso a Nachisale, mphunzitsi wa Chingerezi wa ku sekondale, wochokera ku Ntcheu, amene amachita lendi kanyumba ka kuseri kwathu. Amalume anakhala pafupi ndi tivi atavala mkanjo woyera, ndodo ili pakati pa miyendo. Ndinafufuza gawo la sutikesi, ndinalipeza, n'kuliyambitsa pachiyambi. Kanyimbo kaja katalira, mayi anga anaomba m'manja ngati mtsikana, inenso m'maso munandiyabwa.

Mu tivi chitseko chinatseguka, wamtali uja analowa. Ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinamva ndi makutu anga zimene Che Bwanali ankanena. Ankati: iwe neba, kwanu kulibe filiji?

Neba. Munthu wongokhala naye moyandikana.

"Akuti, takulandirani alamu, nyumba ndi yanu ino," anatero amalume mosadodoma, khonde lonse n'kuseka.

Ndinatchera khutu bwinobwino, mwina ndaphonya. Sindinaphonye. Nyumba inali ya Che Bwanali, yogula yekha. Sanali mlesi, anali dokotala wa mano. Panalibe za munda wa apongozi, panalibe za mbuzi yosowa imene amalume anali atayamba kale kuifotokoza.  Nditacheuka ndinaona a Nachisale atakweza nsidze, supuni ili m'malere.

Nzeru yoyamba imene inandibwerera inali yotsitsa mawu. Rimoti inali m'manja mwanga, ndiye ndinkadina pang'onopang'ono mpaka azungu aja anatsala kungoyasamula pakamwa ngati chambo. Ndinkati a Nachisale akapanda kumva, nkhani yatha. Koma amalume sanazindikire n'komwe kuti mawu apita. Anapitiriza kumasulira tivi yosalankhula, mwaluso lomwe lija, mpaka kusintha mawu pofika pa Abiti Saidi. Ine ndinali nditangowavula poyera ndi dzanja langa.

Anandipulumutsa ndi mayi. "Iwe, mbumba yapita kuti? Bwanji sikuseka? Wagwira chiyani pamenepo?"

Ndinakweza msangamsanga, ndikunamizira mabatire.

Sipanapite nthawi, a Nachisale anakweza dzanja (uphunzitsi sutha ngakhale pa Idi). Analankhula mwaulemu ndithu.

"Pepani bambo, mwina makutu anga. Ine ndikumva ngati akuti wamtaliyo ndi neba chabe, ndiponso kuti nyumbayi ndi ya bamboyo."

 Ana a sukulu amene anali kumbuyo anayamba kugwedeza mitu, kusonyeza kuti nawonso anamva chomwecho koma ankaopa. Amalume sanatekeseke pankhope, koma ine ndinali pafupi, ndinaona dzanja lawo likufinya ndodo mpaka mitsempha kutuluka. Ndinawamvera chisoni chimene sindinamverepo munthu.

"Funsani uyu," anatero, akundiloza ndi chibwano. "Amakhala ndi azungu tsiku ndi tsiku."

Maso onse anatembenukira kwa ine. 

"Amalume akunena zoona," ndinatero. "Chimenechi ndi Chingerezi chakale, cha m'nyumba, chozama. Akati neba amatanthauza zambiri. Cha kusukulu ndi cha kuloji sichifika pamenepo. Ngakhale ine ndimangotola apa ndi apo."

A Nachisale anangoti, "Oho, chabwino," n'kubwerera ku mpunga wawo. Ndinapuma, ndikuganiza kuti ndawoloka.

Ndiye kumzikiti kunamveka kuitana kwa swala. Amalume anadzuka, nati miyendo yawo ndi yochedwa, atsogole, ena awapeza. Pochoka anandigwira paphewa. "Pitiriza iweyo, mwana wa mlongo wanga. Anthu asadikire."

Abale anga, kumasulira zinthu zimene palibe akuzinena ndi ntchito. Ndinakhala pampando paja, makutu akumva china, pakamwa pakufunika kutuluka china. Ndinayesa kupitiriza nkhani ya mbuzi, koma ndinaiwala kuti inali ya ndani. Ndinamupatsa Abiti Saidi mawu pamene ankalankhula anali mwana. Mbumba ya mu tivi inkaseka yokha, ya pakhonde pathu ili duu, wina mpaka anayasamula mokweza. Kenako Che Bwanali anatsika masitepe ndi sutikesi ija, imene ndinaidikira moyo wanga wonse, ndipo chidwi chinandigonjetsa. Ndinaiwala bodza, n'kumvetsera. Pakamwa panangotuluka zimene ndinamva.

"Akuti akupita ku msonkhano wa madokotala a mano, abwera Lolemba. Vuto ndi loti sutikesi ikukana kutsekeka."

"Msonkhano wanji munthu wathamangitsidwa?" anakalipa mayi. "Mano alowapo bwanji pa nkhani ya banja? Imitsa, imitsa! Tidikire eni ake."

Tinaimitsa. Amuna tinapita kukaswali (ine ndinapempha zambiri tsiku limenelo), ndipo titabwerako amalume anakhalanso pampando wawo. Mathero amene anatipatsa sindidzawaiwala. Che Bwanali, atakhalira sutikesi kuti itsekeke, anakhala mkamwini amene miyendo yamukanika kuchoka pa ana ake. Wamtali uja, pomuthandiza kukanikiza, anakhala mwini mbumba amene mtima wafewa, akunena kuti, "Alamu, tsitsani katundu, ana awa akufunani." Azakhali anga analira. Anthu anaseka mpaka kugwa pamikeka, ndipo amene anaseka kwambiri anali a Nachisale. Pochoka anandinong'oneza kuti, "Cha m'nyumba chija, eti? Sabata yamawa mundiitanenso."

Zotsatira zake zinandipeza madzulo omwewo. Mayi anandikokera kukhitchini nkhope ili yodandaula.

"Mwanangu, undiuze zoona. Kuntchito kuja umalankhula nawo bwanji azungu? Ndi manja? Asadzakuchotse ntchito ife osadziwa."

Pofika m'mawa nkhani inali itafika mpaka kwa abale a ku Namwera, kuti mnyamata wa kuloji uja Chingerezi chake ndi cha moni basi. Mayi anakapempha amalume kuti azindiphunzitsa, ndipo iwo anavomera kuti ndizipita Lachisanu lililonse tikachoka kumzikiti.

Ndinapita, chifukwa kukana kukanafuna kufotokoza. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, iwo akundiphunzitsa mawu amene sindinawapezepo m'buku lililonse, ine ndikubwereza. Koma matenda anga aja sanandisiye. Ndinkafuna kudziwa ngati iwo akudziwa kuti ine ndikudziwa. Ndinazungulira nalo funsolo mpaka ndinalipeza polowera.

"Amalume, sewero lija munayamba kulionera kuti?"



"Kwa bwana wanga, ku Joni. Ndinkagwira ntchito ya m'maluwa. Likamayamba ndinkapita kukathirira maluwa a pawindo la pabalaza." Anaseka pang'ono. "Mawindo a kumene kuja ndi okhuthala, mwana wa mlongo wanga. Satulutsa mawu. Ndipo ine kumeneko ndinalibe m'bale ngakhale mmodzi."

Sindinafunsenso china. Iwo anakhosomola, nagogoda ndodo pansi, nati tibwerere ku phunziro, chifukwa ndi mmene ndinachitira pa Idi paja, ulendo ulipo wautali.

Mpaka lero Lachisanu lililonse ndimapita. Mayi akuti ayamba kuona kusintha.