Apongozi ndi Bayiti Yaing'ono

Lolemba

Lolemba, tsiku lolemba. Ndayamba!

Nkhani ndi iyi. Yusufu, mnzanga wa kusekondale amene masana amathandiza bambo ake m'sitolo ya nsalu m'tauni, walemba pulogalamu yowerenga sikelo yamagetsi ya kalabu ya alimi a mtedza ku Madzimoyo. Sikeloyo siyankhula Chinyanja, siyankhula Chizungu, imangolavula maziro ndi mawani kudzera pa chingwe. Yusufu ali ndi mafankishoni asanu, tizigawo ta pulogalamuyo, amene amatola malovuwo n'kuwasandutsa makilo. Ine ntchito yanga ndi kulemba kabuku kofotokoza fankishoni iliyonse: imafuna chiyani, imabweza chiyani, ikakwiya imatani.

Ndanena kuti ndilemba m'Chinyanja. Yusufu waseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. "Iwe, Chinyanja n'cha pamaliro na pamsika. Apa sichingakwanitse." Zandipweteka kwambiri, sindibisa.

Tapangana chonchi. Loweruka a Esinati, kalaliki wa kalabu amene anaphunzirako kompyuta pang'ono, awerenga kabuku kanga okha n'kuyendetsa sikelo. Ine ndisatsegule pakamwa, ngakhale kutsokomola. Akakhoza, kabukuko kakhala m'Chinyanja mpaka kalekale. Akalephera, Yusufu akafufuta n'kuikapo Chizungu, ndipo ine ndisadzatchulenso nkhaniyi.

Mafankishoni asanu, masiku asanu. Maina ake monga anawatchulira mwini wake:
f1
f2
f2_yatsopano
f2_yatsopano_yeniyeni
usakhudze

Mawu atatu ndamaliza kale lero:
Biti: ziro kapena wani. Basi.
Bayiti: mabiti asanu ndi atatu omangidwa mtolo umodzi.
Bafa: kamalo m'kompyuta kamene mabayiti amadikirirapo asanawerengedwe. Ndangolemba mmene timatchulira ine ndi Yusufu. Palibe vuto.

Lachiwiri

Ndili pa f1. Yusufu anasiyamo ndemanga imodzi yokha m'pulogalamu yonse: "imasewenza, usafunse." Ndafunsa. Akuti werenga ndemanga.

Maola atatu kuti ndidziwe kuti f1 imatenga mabayiti pa chingwe n'kuwaika m'bafa. Maola ena awiri kufotokoza kuti kompyuta imayamba kuwerenga pa ziro, ndiye bayiti yoyamba ndi ya nambala 0, yachiwiri ndi ya nambala 1. Ndikawerenga zimene ndalemba ndikuoneka ngati munthu woledzera, koma ndi zoona.

Maso akuwawa ndi laputopu, ndiye ndakasindikiza masamba atatu m'tauni kuti ndiziwerenga papepala. Ndawasiya patebulo. Kulakwa kwanga konse kuli pamenepo.

Ndilembe bwino kuti ndidzakumbuke. Ine ndi mkazi wanga Nelia tikukhala kuseri kwa nyumba ya makolo ake kuno ku Kapata mpaka yathu ifoleredwe. Bwalo limodzi, mpopi umodzi. Bambo ake, a Phiri, anaphunzitsa Chinyanja ku Chiparamba moyo wawo wonse. Iwo anapuma pantchito, koma bolopeni yawo yofiira sinapume. Nelia watenga masamba aja n'kukawapatsa. Akuti angokuonerani kalembedwe.

Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Ine ndikuopa.

Lachitatu

M'mawa ndikutuluka ndi thaulo paphewa, ndikupeza apongozi ali m'bafa la pabwalo, thalauza atapinda mpaka m'maondo, akukwecha simenti ndi burashi. Ndapereka moni nditanyonyomala. Akukwecha basi.

Nelia wandikokera m'nyumba n'kundiponyera tsamba lachiwiri. Ndawerenga ndi maso a apongozi, thukuta latuluka:

"Bafa ili ndi laling'ono. Likadzaza, zobwera pambuyo zimatayikira. Musanayambe, khuthulani bafa, chifukwa amene analigwiritsa ntchito poyamba nthawi zambiri amasiyamo zotsalira."

Uthenga wabwera kudzera kwa Nelia, poti apongozi sakangana ndi mkamwini maso ndi maso: ngati ndili ndi dandaulo pa bafa lawo, ndinene pakamwa, osati kukasindikiza m'tauni kuti Chipata yonse idziwe.

Ola lathunthu ndili chogwada pakhonde kufotokoza. Ndabweretsa laputopu. Ndajambula padothi. Pamapeto avala magalasi, afunsa ngati kamaloko kamasunga zinthu chaka chonse kapena kanthawi chabe. Ndati kanthawi. Akuti ndiye si nkhokwe, ndi lichero: umathiramo, umasankha, umakhuthula.

Lichero! Mawu awo aposa anga kutalitali, ndipo ndasangalala ngati mwana. Ndasintha paliponse.

Chovuta n'chakuti tsopano nkhaniyi yawakomera. Apempha masamba onse otsala.

f2 sindinaikhudze. f2_yatsopano ndi f2 yomweyo, kungoti ili ndi mzere umodzi wopanda kanthu.

Lachinayi

Lero ndi f2_yatsopano_yeniyeni, mtima wa zonse.

Bayiti imodzi singasunge nambala yoposa 255, ndiye sikelo imatumiza kulemera m'mabayiti awiri. Yaing'ono imawerenga makilo amodziamodzi. Yaikulu imawerenga milu ya 256. Makina ena amatumiza yaikulu poyamba, ena yaing'ono poyamba, ndipo fankishoni iyenera kuuzidwa. Ndalemba:

"Ikani chizindikiro < ngati yaing'ono ikuyamba. Ikani > ngati yaikulu ikuyamba. Sikelo yathu imatumiza yaing'ono poyamba. Choncho yaing'ono iyambe."

Mizere inayi yoyera bwino. Ndaiwerenga kasanu mokweza. Yusufu, bwera udzaone Chinyanja cha pamaliro!

Tsamba labwerako masana. Mzere womaliza wadulidwa ndi inki yofiira, pamwamba palembedwa bwinobwino: "Choncho yaikulu iyambe."

Ndapita pakhonde. Ndati bambo, pepani, apa si ulemu, ndi mmene makina anapangidwira. Andiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Posamba m'manja amayamba ndani? Polowa m'nyumba amayamba ndani? Inu mukufuna kulembera alimi, anthu akuluakulu, kuti wamng'ono ayambe? M'Chizungu lembani zimenezo. M'Chinyanja ayi."

Ndati sikeloyo sidziwa mwambo. Akuti ndiye iphunzire, yabwera kwa eni ake. Ndati ikawerengedwa chotembenuza, manambala asokonekera. Akuti dziko linasokonekera kale chifukwa cha maganizo omwewo. Atseka ndi mwambi uja wakuti mawu a akulu akoma akagonera, n'kuitanitsa tiyi.

Nelia akuti ndingowasiya, ndi mawu awiri okha. Mawu awiri okha!

Ndaimbira Yusufu kufunsa za usakhudze. Akuti sakumbuka imachita chiyani, koma anaichotsapo tsiku lina zonse zinafa.

Lachisanu

Magetsi apita kum'mawa. Laputopu ili ndi moyo wa mphindi makumi anayi. Yusufu ali kumzikiti, foni yozima.

Zimene ndakwanitsa:
f2 ndi f2_yatsopano: "Onani f2_yatsopano_yeniyeni."
usakhudze: "Usakhudze."

Apongozi akonza womalizawo kukhala "Chonde musakhudze." Apa sindikutsutsa.

Ndapeza nzeru. Ndasindikiza timabuku tiwiri. Kena kali ndi "yaikulu iyambe", kameneko n'ka apongozi, akasunge m'kabati pamodzi ndi masatifiketi awo. Kena kali ndi "yaing'ono iyambe", kameneko n'ka a Esinati, ndakapinda kali m'thumba la thalauza. Aliyense asangalale. Ndayenda kuchokera m'tauni mpaka ku Kapata ndikudziyamikira ndekha.

Ndawapatsa kawo ndi manja awiri. Awerenga tsamba lililonse, agwedeza mutu, anena kuti mkamwini wawo ndi womva. Chikhalire pabwalo pano sananenepo mawu otere. Ndamva kukoma, kenako manyazi.

Kenako aitana Nelia kuti awasitire jekete. Akuti mawa tipitira limodzi ku Madzimoyo, sangasiye buku lawo likayesedwe iwo kulibe.

Buku lawo.

Loweruka



Shedi ya kalabu yadzaza, alimi ena aima panja. Sikelo pakati, laputopu ya Yusufu pa benchi, a Esinati akhala patsogolo pake. Yusufu wakumbutsa anthu pangano: uyu asayankhule. Ndikulowetsa dzanja m'thumba kuti nditulutse kabuku koona, apongozi aimirira, akonza jekete, apereka moni kwa wapampando, kwa amayi, kwa abambo, n'kupereka kabuku kawo m'manja mwa a Esinati. Anthu aomba m'manja. Ndani angalande pepala m'manja mwa apongozi ake pagulu? Dzanja langa latsala m'thumba.

A Esinati ayamba kuwerenga mokweza. Ndipo anthu akumva! Pa biti agwedeza mitu. Pa mtolo wa mabiti asanu ndi atatu wina wati ngati mtolo wa nzimbe. Pa lichero amayi onse ati eee. Mayi wina wafotokozera mnzake chifukwa chake lichero liyenera kukhuthulidwa kaye, ndipo wafotokoza bwino kuposa ine. Yusufu wasiya kumwetulira. Misozi yalengeza m'maso mwanga, sindinama.

Afika pa mzere uja. A Esinati alemba >.

A Mwale, mlimi wachikulire amene wabwera ndi thumba limodzi la mtedza panjinga, aliika pasikelo. Thumba wamba la makilo 50. Laputopu yati 12,800.



A Mwale avula chipewa. "Ine ninanena kuti nshawa za chaka chino n'zolema. Panjira njinga inali kulira."

Wina wathamanga kukagwira nkhuku. Makilo 512. Mwini wake akuti kuyambira lero igona m'khola la ng'ombe. Anthu ayamba kukankhana, aliyense akufuna kuyeza chake: dzungu, khasu, nsapato. Wapampando wakwerapo yekha, waona nambala, watsika mwaulemu.

Yusufu akundiyang'ana. Ine ndikuyang'ana denga. Ndikayankhula ndaphwanya pangano. Ndikatulutsa pepala ndavula apongozi pagulu, ndipo adziwa kuti dzulo ndinawanamiza.

Apa a Esinati abwerera m'mbuyo ndi chala. Akuti taimani, mzere wapamwamba ukuti sikelo imatumiza yaing'ono poyamba, wapansi ukuti yaikulu iyambe, mizere iwiriyi sikugwirizana, bwanji tiyese chizindikiro chinacho? Apeza okha! Kuchokera m'Chinyanja changa!

Apongozi aimiriranso. Akuti palibe kusagwirizana. Mzere wapamwamba ukunena khalidwe la sikelo, wapansi ukunena khalidwe loyenera. A Mwale avomereza mwamphamvu. Wapampando wati poti nkhani yavuta, tivote. Avota. Yaikulu yapambana ndi manja onse kupatula la a Esinati. Ine sindinakweze dzanja, linali m'thumba.

Yusufu wapita pa laputopu, wafufuta >, waika <. Thumba la a Mwale labwerera pa 50. Anthu ang'ung'udza ngati wawalanda kanthu. Iye wangonditembenukira n'kunena chapansipansi, "Wakonza ndine, osati a Esinati. Waluza, m'bale wanga."

M'minibasi pobwerera apongozi anena kuti mnyamata uja ndi wanzeru koma sanaleredwe.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinamve ulaliki.

Yusufu wafufuta kabuku kanga m'mawa, monga tinapanganira. Sanandiseke, ndipo zimenezo zawawa koposa. Waikapo Chizungu chake, mizere isanu ndi umodzi, akuti wailemba akudikira kasitomala asankhe chitenje.

Ndasindikiza tsambalo n'kuwapatsa apongozi, mwina ndi mkwiyo. Aliyang'ana kutsogolo, aliyang'ana kumbuyo, andibwezera lopanda kadontho kofiira ngakhale kamodzi. Akuti izi si zathu.

Ndaimbira a Esinati kupepesa. Akuti sikelo ikuyenda bwino. Ndafunsa ngati Chizungucho achimva. Akuti sanachiwerenge, ndipo palibe amene achiwerenge, ikavuta azingoimbira Yusufu. Kenako afunsa ngati ndingawasungireko tsamba la lichero lija, poti amayi ena akulifuna. Ndati pangano silindilola.

Nelia akuti ndidye, ndisiye kuyang'ana khoma.

Ndakhala ndikuganiza. Yusufu anati Chinyanja sichingakwanitse. Chinakwanitsa. Shedi yonse inamva bayiti, inakangana za bayiti, inavotera bayiti. Kabuku ka Yusufu kalibe cholakwa chifukwa palibe amene akawerenge. Kanga kafa chifukwa anthu anakamva.

Nkhaniyi sindidzaitchulanso. Ndinalonjeza.